Utsi ukubwerera pabalaza: kodi malo owothera moto a nyumba yakale ndiwakonze motani?

Mayi wa ku Namiwawa

Ndikupatsani moni nonse. Popeza tili mu Epulo ndipo nyengo yozizira yayandikira, ndaona kuti ndi bwino ndifunse kwa odziwa ndisanabwereze cholakwa cha chaka chatha.

Timakhala m'nyumba yakale ya njerwa zowotcha, yomangidwa dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo pabalaza pake pali malo owothera moto omangidwira kukhoma, okhala ndi chumuni chotulukira pamwamba pa denga la malata. Kwa zaka 6 zimene takhalamo sitinkawagwiritsa ntchito, ndinkangoikapo mphika wa maluwa. Chaka chatha mayi anga, amene ali ndi zaka 81, anabwera kudzakhala nafe, ndipo chiperoni chitafika mu Juni, phiri la Soche litabisika m'chifunga masiku atatu dzuwa osaoneka, ndinawapeza m'mawa atadzipinda pampando, atafunda mabulangete awiri, manja awo ali zii ngati mwala wa mumtsinje. Hita yamagetsi tili nayo, koma imadya mayunitsi kwambiri, ndipo magetsi akazima sithandiza chilichonse.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinagula mtolo wa nkhuni za bulugama m'mbali mwa msewu, tinasonkha moto. Pasanathe mphindi 10 utsi unali utadzaza pabalaza ponse, mayi anayamba kutsokomola mosalekeza, ndipo tinachita kutsegula mazenera ndi zitseko zonse n'kuthira madzi pamotowo, motero kuzizira kumene tinkathawa kunalowa m'nyumba monse. Mpaka lero khoma la pamwamba pa malowo lidakali lakuda. Kuwonjezera apo, mvula ikagwa pabalaza pamamveka fungo la mwaye wonyowa, ndipo pasiling'i pafupi ndi chumuni pali banga lachikasu limene linayamba kuoneka pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Amuna anga akuti tingotseka malowo ndi njerwa, nkhani ithe. Mnzanga wa kuntchito akuti ndisavutike ndi nkhuni, ndingoika mbaula ya makala m'kati mwa malowo, popeza makala satulutsa utsi. Ine mtima wanga ukufuna kuti malowa agwire ntchito imene anamangidwira, kuti mayi aziwotha moto monga ankachitira kumudzi. Kodi chimene chinabweza utsi n'chiyani, ndipo ndiyambire pati pokonza?

Mmisiri wopuma ntchito, Chilomoni

Mayi, pepani ndi zimene munakumana nazo. Pempho langa loyamba ndi lakuti musasonkhenso moto pamenepo, ngakhale waung'ono, mpaka munthu atakwera padenga n'kuona m'kati mwa chumuni. Ndagwira ntchito yomanga kwa zaka zoposa 30, ndipo nyumba zambiri zakale za ku Sunnyside, Mandala, Nyambadwe ndi kwanuko zili ndi malo otere, omangidwa mwaluso koma osiyidwa kwa nthawi yaitali. Zotseka ndi njerwa sindikugwirizana nazo, chifukwa zimene mwafotokozazi n'zotheka kukonza, komanso chumuni chotsekedwa pansi koma chotseguka pamwamba chimasunga chinyontho, pulasitala n'kumayoyoka chaka ndi chaka.

Anthu ambiri amaganiza kuti utsi umatuluka chifukwa chakuti pamwamba pali bowo, koma chimene chimautulutsa ndi kutentha. Mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira, motero umakwera m'chumuni, ndipo pokwerapo umakoka mpweya wina kuchokera pabalaza kulowa pamoto. Amisirife timati chumuni chikukoka. Chilichonse chofooketsa kukokaku chimabwezera utsi m'nyumba, ndipo kwa inu ndikuona kuti zifukwa zingapo zinakumana tsiku limodzi.

Chimene ndikukayikira kwambiri ndi kutsekeka. Masana dzuwa lili paliwombo, yalani chiguduli pansi, mutenge kalilole ndi tochi, muyang'ane kumwamba. Ngati chumuni n'chowongoka muyenera kuona kuwala. Mbalame zimagwetseramo timitengo ndi udzu, akadzidzi amatha kuswerana m'menemo, ndipo njuchi zimakonda kwambiri chumuni chimene chakhala chosagwira ntchito. Mukaona njuchi zikulowa ndi kutuluka pamwamba, itanani mlimi wa njuchi adzazichotse, musayese kuzipirikitsa ndi moto, chifukwa phula la zisa zake limasungunuka n'kuyakira m'kati momwemo. Pisaninso dzanja pakhosi pa chumuni, pamwamba penipeni pa pamene pamayaka moto, chifukwa malo ena ali ndi kachitseko kachitsulo kotsegula ndi kutseka, ndipo kawirikawiri kamapezeka katagwira dzimbiri kali chitsekere.

Mwaye nawo uli wa mitundu iwiri. Wina ndi wofewa ngati ufa ndipo umachoka ndi burashi. Wina ndi wolimba, wonyezimira ngati phula la pamsewu, ndipo umabwera utsi wa nkhuni zaziwisi ukazizira n'kumamatira kunjerwa. Wachiwiriwu ndiye woopsa, chifukwa umayaka. Mukakandapo ndi msomali n'kupeza kuti wachindikala kufika mamilimita 3, chumunicho n'chofunika kupala mosazengereza, pakuti mwaye woterewu ukagwira moto, chumuni chimalira ngati ndege ikunyamuka, kutentha kumatha kufika madigiri 1,000, njerwa zimang'aluka, moto n'kulowa m'matabwa a denga. Popala, wina akhale padenga ndi burashi yawaya yomangirira kundodo zolumikiza kapena kuchingwe, khomo la pansi litatchingidwa ndi nsalu yonyowa kuti mwaye usafalikire m'nyumba. Musalole kuti atsitsiremo tcheni kapena thumba la miyala n'kumamenyetsa m'mbali monga ena amachitira, chifukwa nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinamangidwa ndi laimu kapena dothi pakati pa njerwa, ndipo zimenezi sizichedwa kuyoyoka. Ntchito imeneyi izichitika kamodzi pa chaka, nyengo yozizira isanayambe.

Banga la pasiling'i likusonyeza kuti madzi akulowa pamene chumuni chakumana ndi malata. Pamenepo pamayenera kukhala lata lopinda, lolowetsedwa mumzere wa njerwa n'kutsikira pamwamba pa malata a denga, ndipo likadyeka ndi dzimbiri kupaka phula kumangothandiza kwa nyengo imodzi yokha ya mvula, choncho ndi bwino kulisintha. Pamwamba pa chumuni paikidwe chipewa cha lata chokhala ndi waya wa sefa m'mbali, kuti mvula ndi mbalame zisalowe, koma wayayo akhale wa maso akuluakulu kuti asatsekeke ndi mwaye. Akamaliza zonsezi, ayeseni motere: mazenera ali otsegula, atenthe udzu wonyowa pang'ono pansi, wina avundikire pamwamba ndi thumba lonyowa kwa mphindi imodzi, ndipo wachitatu akhale m'siling'i ndi tochi. Paliponse pamene patuluke utsi pali mng'alu wofunika kumata. M'kati mwenimweni mmene mumayaka moto musamatemo ndi simenti wamba, chifukwa imang'aluka ikatentha. Funsani simenti yopirira moto m'masitolo a zipangizo zomangira.

Ngati zonsezi zakonzedwa koma utsi ukubwererabe, vuto ndi la miyeso. Amisiri a ku America amatsata lamulo lakuti chumuni chitalike masentimita 90 kuchokera pamene chaboola denga, ndiponso chipose ndi masentimita 60 chilichonse chimene chili pafupi nacho pa mtunda wa mamita 3, ndipo ine ndaona kuti muyeso umenewu umathandiza kunonso, makamaka m'nyumba zozunguliridwa ndi mitengo italiitali. Bowo la chumuni nalo liyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a khomo la malo owotherawo. Khomo likakula mopitirira, yesani kutchinga chakumwamba kwake ndi kachidutswa ka lata moto ukuyaka, muzikatsitsa pang'onopang'ono mpaka utsi utasiya kutuluka, mulembe chizindikiro pamenepo, ndipo mmisiri adzatsitse khomolo kufika pa chizindikirocho.

Namwino, Chitawira

Mayi, ine za njerwa sindilankhulapo, koma ndikuchondererani kuti malangizo a mbaula aja muwakane. N'zoona kuti makala satulutsa utsi wooneka, koma amatulutsa mpweya wapoizoni wochuluka wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo ngakhale mtundu, ndipo chumuni chimene chinalephera kutulutsa utsi chidzalepheranso kutulutsa mpweya umenewu. Tsiku lija utsi unakuchenjezani ndipo munatsegula mazenera, makala sakanakuchenjezani. Mpweyawu umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kuwirikiza nthawi zoposa 200, ndipo zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo, zimene ambiri amaziyesa malungo, n'kumuuza wodwalayo kuti akagone m'chipinda chomwecho. Okalamba, amayi oyembekezera ndi ana ndi amene amagonja msanga. Mukaona anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi akudandaula mutu nthawi imodzi moto ukuyaka, atulutseni panja pomwepo, mutsegule paliponse, ndipo athamangire kuchipatala.

Ngakhale chumuni chitakonzedwa, moto wa nkhuni nawo umatulutsa mpweya womwewo, makamaka malawi akatha n'kutsala makala ofiira, motero kachitseko ka pakhosi kamene a mmisiri atchula kasatsekedwe mpaka phulusa litaziziratu. Ngati mungathe, gulani alamu ya mabatire yozindikira carbon monoxide, muiike pafupi ndi chipinda chimene amagona mayi.

Nkhawa yanga ina ndi zilonda zamoto, zimene timaziona zikuchuluka nyengo yozizira. Agogo anazolowera kuyandikira moto kwambiri, khungu la miyendo yawo silimva kutentha msanga ngati lathu, ndipo chitenje kapena bulangete la nayiloni likagwira moto limayaka mofulumira kwambiri. Konzetsani chotchinga cha waya wa sefa cholimba, chosagwa mwana akachikankha, ndipo mpando wawo ukhale patali mita imodzi kapena kuposerapo. Ngati pakhomopo pali wodwala khunyu, asakhale yekha pafupi ndi moto. Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira oyera pachilondapo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, mazira kapena mafuta, kenako mupite naye kuchipatala. Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli wodi ya anthu opsa ndi moto.

Bambo wa ku Bvumbwe

Mayi, kuno kwathu kumazizira kuposa m'tauni, ndipo timasonkha moto pafupifupi madzulo alionse kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, choncho ndiloleni ndinenepo za nkhuni, chifukwa ndikukhulupirira kuti mtolo umene munagula uja unali wauwisi. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo madzi a m'nkhuni zabwino sayenera kupitirira maperesenti 20. Chikuni chachiwisi chimatha mphamvu yake pophwetsa madziwo, utsi wake umakhala wozizira ndi wolemera, ndiye sukwera. Bulugama ndi nkhuni zabwino kwambiri, zotentha ndi zokhalitsa pamoto, koma amachedwa kuuma. Muwazeni akadali wauwisi chifukwa akauma amalimba mpaka nkhwangwa imadumpha, ndipo amene mwawaza chaka chino mudzawothe chaka chamawa. Sanjani nkhunizo pamwamba pa njerwa kuopa chiswe ndi chinyontho, muvundikire pamwamba pokha ndi lata, m'mbali musiye mphepo izidutsa. Chikuni chouma chimang'aluka kumapeto, khungwa lake limasupuka lokha, ndipo mukagundanitsa ziwiri zimalira kuti ngwe, pamene chachiwisi chimatuluka thovu kumapeto chikakhala pamoto. Paini ndi wabwino poyatsira, koma amathetheka kwambiri ndipo amatha msanga. Matabwa openta, mapolo onyikidwa m'mankhwala oteteza ku chiswe ndiponso mapulasitiki asafike pamoto wa m'nyumba, chifukwa utsi wake ndi phulusa lake lomwe zili ndi poizoni. Palafini ndi petulo musayatsire.

Kayatsidwe nako kali ndi mbali yake. Chumuni chimene chakhala chozizira chimadzaza mpweya wolemera umene umatsikira pansi, motero musanayatse, pindani nyuzipepala, muiyatse, muigwire m'mwamba pakhosi pa chumuni mpaka muone utsi wake ukukwera. Tsegulani zenera limodzi pang'ono kuti moto upeze mpweya. Ine ndimaika zikuni zazikulu pansi, zocheperapo pamwamba pake, tinkhuni toyatsira pamwamba penipeni, n'kuyatsa kuchokera kumwamba. Moto umatsika wokha, chumuni chimatentha msanga ndipo utsi umachepa kwambiri. Phulusa lizisungidwa m'ndowa yachitsulo panja, chifukwa makala amatha kubisalamo ali amoto kwa masiku angapo, ndipo likazizira limathandiza m'dimba ngakhalenso kuchepetsa fungo m'chimbudzi chokumba.

Pali mfundo imodzi imene ndikusiyana pang'ono ndi a mmisiri. Malo otseguka, ngakhale atakonzedwa bwino chotani, amabweza m'chipinda gawo limodzi kapena awiri okha mwa magawo 10 a kutentha kwa nkhuni, kotsalako kumathawira m'chumuni pamodzi ndi mpweya wofunda wa pabalaza. N'chifukwa chake munthu amapsa kumaso msana ukuzizidwa. Ine ndinaikamo chitofu chachitsulo chotseka, chokhala ndi chitseko cha galasi ndi kabowo kochepetsera mpweya, ndipo zitofu zotere zikapangidwa bwino zimasunga m'nyumba kutentha koposa theka. Nkhuni zimene kale zinkatha pa sabata imodzi tsopano zimanditengera pafupifupi masabata atatu. Kwa ine nkhani imeneyi ndi yaikulu, pakuti aliyense woyang'ana phiri la Ndirande lero akuona kumene nkhuni ndi makala a mzinda wa Blantyre zakhala zikuchokera, ndipo lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020 pa chifukwa chomwechi. Ndimawotha nthambi zosadza za mitengo ya pakhomo panga ndi bulugama wodzala ndekha, ndipo inunso funsani kumene nkhuni zachokera musanagule.

Mmisiri wopuma ntchito, Chilomoni

A ku Bvumbwe anena zoona pa nkhani ya kutayika kwa kutentha, ndipo sindikutsutsa chitofu chotseka, koma chiikidwe mwa dongosolo. Paipi yake ikwere m'kati mwa chumuni mpaka pamwamba, chifukwa ikangothera pakhosi, utsi umazizirira m'chumuni chachikulucho n'kuunjika mwaye wonyezimira uja mofulumira kuposa kale. Mukapangitsa kwa owotcherera zitsulo, akhale a luso, agwiritse ntchito chitsulo chochindikala osati cha mgolo chimene chimabooka pakangopita nyengo zochepa, ndipo chitseko chizitseka mothina. Kwa amene akufuna kuona malawi poyera, ilipo njira yakale ya katswiri wa sayansi Count Rumford, amene mu 1796 anasonyeza ku London kuti malo osazama, aatali, okhala ndi makoma a m'mbali opendekera kunja ndi khosi lopapatiza, amaponya kutentha kochuluka m'chipinda ndipo sabweza utsi. Mmisiri angachite zimenezi pongowonjezera njerwa m'kati mwa malo amene alipo kale. Komabe, mayi, chaka chino yambani ndi kupala ndi kumata, muone mmene chumuni chikukokera musanawononge ndalama pa zina.

Mayi wa ku Namiwawa

Ndabweranso patatha masabata atatu kudzathokoza nonse ndi kukuuzani zimene tinapeza. Nditapisa dzanja pakhosi monga munanenera, Bambo mmisiri, ndinagwira chinthu chofewa, ndipo nditakoka munatuluka thumba la chiguduli lodzaza ndi nyuzipepala zakale, lakuda ndi lopserera mbali imodzi, limene amene ankakhala muno ife tisanabwere ayenera kuti anatsekera mphepo ndi fumbi. Ndinakhala pansi kwa kanthawi ndikuliyang'ana, ndikuganiza kuti tsiku lija linatsala pang'ono kuyaka mayi ali pomwepo. Pamwamba pa thumbalo panali timitengo ndi udzu wa zisa zodzaza ndowa ziwiri.

Mmisiri amene tinamuitana anapala chumuni chonse, anasintha lata la padenga limene linali litadyekeratu mbali ya kumtunda, ndipo poyesa ndi utsi anapeza ming'alu iwiri m'siling'i, umodzi uli pafupi kwambiri ndi thabwa la denga. Anamata, anaika chipewa, ndipo tinayesanso kachiwiri osaona utsi paliponse. Chotchinga cha waya tinapangitsa ku Ndirande, alamu tagula, ndipo za mbaula ndamufotokozera mnzanga uja zonse zimene Mayi namwino munalemba, chifukwa iye amalowetsa mbaula m'chipinda cha ana ake kukazizira.

Loweruka lapitali tinasonkha moto woyamba ndi nthambi za mango zimene tinasadza chaka chatha, tinayatsa kuchokera kumwamba, zenera la kukhonde lili lotsegula pang'ono. Utsi wa nyuzipepala unazengereza pang'ono pakhosi, kenako unakwera, ndipo pabalaza sipanamveke fungo lililonse. Mayi anasendeza mpando wawo kawiri konse kuti ayandikire, ine n'kumaubweza, mpaka tinagwirizana malo amene ndaikapo kamkeka ngati malire. Za chitofu chotseka tidzaona chaka chamawa tikaona kuchuluka kwa nkhuni zimene zithe nyengo ino. Bulugama amene tagula kwa munthu wa munda wake ku Chigumula tamuwaza dzulo, ndipo tamusanja pa njerwa kuseri kwa khitchini kuti adzagwire ntchito Juni wa chaka chamawa.